Mphenzi za ku Chongwe ndi denga losaoneka la kumwamba

Munthu akachoka ku Lusaka kulowera kum'mawa pamsewu waukulu wa ku Chipata, asanathe makilomita 50 amafika pa Chongwe, m'dziko la Asoli. Akuluakulu a mtunduwu amati makolo awo anatsika kuchokera kumpoto, kudziko la Aluba m'Congo ya lero, komwenso Achewa ndi mitundu ina yambiri amaloza akamafotokoza za chiyambi chawo. Anakhazikika m'zigwa za mitsinje ya Chongwe ndi Chalimbana mpaka kumapiri otsetserekera ku Zambezi, n'kumalima mapira ndi mawere.

Mlimi wa kuderali amadalira dzinja limodzi lokha, kuyambira Novembala kufika Malichi kapena Epulo. Likalephera, palibe lachiwiri. N'chifukwa chake mwambo waukulu wa Asoli a kwa Nkomeshya, Chakwela Makumbi, ndi wokoka mitambo. Umachitika chilimwe chikafika pachimake, nthaka itauma gwa. Mfumu yaikulu, yomwe masiku ano ndi Nkomeshya Mukamambo II, imapempha mvula kwa Mulungu kudzera mwa mizimu ya makolo, imayatsa moto pamunda wososedwa ndi kudzala mbewu zoyamba, ndipo anthu ake amatsatira pambuyo. Yankho la pempholo silibwera mwakachetechete. Mvula yoyamba ya kuno imafika ndi mphepo ya fumbi, mabingu ndi ziphaliwali, kotero mphenzi inali mthenga wa uthenga wabwino komanso wakupha, zonse pamodzi.

Achewa nawonso ankaiona choncho. Limodzi mwa maina akale a Mulungu ndi Mphambe, mwini bingu ndi mphenzi, ndipo nthano ya pa Kaphirintiwa imati Chauta anatsika padziko pamodzi ndi mvula. Ku Msinja kunali Makewana, ku Khulubvi kuli kachisi wa Mbona, ndipo ntchito yawo yaikulu inali yomweyi ya mvula. Pambali pa chipembedzocho panamera chikhulupiriro china chimene sichinathe mpaka lero, chakuti mphenzi ikapha munthu ndiye kuti wina waituma. Chikhulupiriro chimenechi chadanitsa abale ambiri. Koma tisapeputse maso a makolowo: ankadziwa mbali imene mvula ya mphenzi imachokera, ankadziwa kuti mtengo wautali woima pawokha si pousa mvula, ndipo ankatha kusiyanitsa ching'aning'ani cha kutali, chopanda bingu, ndi chimene chikubwera pamudzi.

M'zaka za m'ma 1800 dziko la Asoli linavutika ndi Achikunda ochokera ku Zumbo ndi ku Feira, osaka minyanga ndi akapolo. Kenako kunabwera azungu a British South Africa Company, njanji inafika pamudzi wa Lusaaka mu 1905, ndipo mu 1935 Lusaka inasanduka likulu la Northern Rhodesia. Pamene zonsezi zinkachitika, kutsidya kwa nyanja anthu ena anali atayamba kuimva mphenzi ndi khutu lachilendo.

Benjamin Franklin anasonyeza mu 1752 kuti mphenzi ndi magetsi. Cha m'ma 1887 Heinrich Hertz anapeza kuti magetsi akathetheka amatumiza mafunde osaoneka m'mlengalenga, omwe lero timati mafunde a wailesi. Ngati kamoto kakang'ono ka m'chipinda choyesera kamatero, nanga bwanji mphenzi yotalika makilomita angapo? Pa 7 Meyi 1895, ku St Petersburg, Alexander Popov anaonetsa chipangizo chimene chinkaliza belu mafunde otere akafika, ndipo anachigwiritsa ntchito pozindikira mphenzi za kutali. Tinganene kuti siteshoni yoyamba imene wailesi inagwira inali mphenzi.

Mu Disembala 1901 Guglielmo Marconi analengeza kuti wamva ku Newfoundland chizindikiro chotumizidwa kuchokera ku Poldhu, ku England, mtunda wopitirira makilomita 3,000. Akatswiri anadabwa. Mafunde amayenda mowongoka pamene dziko ndi lozungulira, ndiye anakhota bwanji? Chaka chotsatira Arthur Kennelly ku America ndi Oliver Heaviside ku England, aliyense payekha, anati kumwamba kuyenera kukhala denga la mpweya wonyamula magetsi limene limabweza mafundewo pansi. Panapita zaka zoposa makumi awiri dengalo lisanatsimikizidwe. Mu Disembala 1924 Edward Appleton ndi wophunzira wake Miles Barnett anagwiritsa ntchito mlongoti wa BBC wa ku Bournemouth, iwo ali ku Oxford, n'kupeza kuti mafunde akubwerera pamtunda wa makilomita pafupifupi 100. Dzina lakuti ionosphere analipereka Robert Watson-Watt mu 1926, munthu yemwe anayamba ntchito yake posaka njira yochenjezera oyendetsa ndege za komwe kuli mphenzi pomvera phokoso lake pawailesi. Appleton analandira mphoto ya Nobel mu 1947.

Dengali lili ndi zigawo. Pamwamba pali gawo la F, pakati la E, ndipo pansi penipeni pali gawo la D, kuyambira makilomita 60 kufika 90 kuchokera panthaka. Gawo lapansili ndilo lavutitsa akatswiri kuposa onse. Chibaluni choyezera nyengo chimaphulika chisanapitirire makilomita 40. Setilaiti ikatsika kufupi ndi makilomita 150 imakokedwa ndi mpweya n'kupsa. Roketi imadutsamo mphindi zochepa, pamalo amodzi, pamtengo woboola m'thumba. Makina a pansi oyezera ionosphere, amene amaponya mafunde kumwamba ndi kudikira kuti abwerere, amaona bwino E ndi F, koma D amamudutsa osamuona chifukwa ma elekitironi ake ndi ochepa kwambiri. Mafunde amene amabwerera pagawoli ndi aataliatali, makamaka a pakati pa 3 ndi 30 kHz, ndiye kuti ogwedezeka maulendo 3,000 mpaka 30,000 pa sekondi. Funde limodzi la 10 kHz ndi lotalika makilomita 30. Kuti munthu apange mafunde otere amafunika milongoti yodzaza mudzi wonse. Mphenzi imawapanga ulere: ikagunda pansi mumadutsa mphamvu ya ma ampeya pafupifupi 30,000 m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, ndipo mafunde ake amphamvu kwambiri amagwera pakati pa 5 ndi 10 kHz.

Mmodzi mwa anthu oyamba kugwiritsa ntchito mwayi umenewu anali wa kuno kummwera kwa Africa. Basil Schonland anabadwira ku Grahamstown mu 1896, anaphunzira ku Cambridge, ndipo atabwerera kwawo anayamba kuyeza magetsi a m'mitambo pafamu ya apongozi ake pafupi ndi Somerset East. Kuyambira mu 1933, mothandizana ndi injiniya wina dzina lake Collens, anajambula mphenzi za ku Johannesburg ndi kamera ya magalasi ozungulira imene anaipanga Charles Boys. Zithunzizo zinaulula chinthu chimene diso silingaone. Mphenzi siigwa kamodzi n'kamodzi. Poyamba kanjira kofooka kamatsika mumtambo modumphadumpha, mamita pafupifupi 50 pa kudumpha kulikonse, kakuchita nthambi. Kakakhudzana ndi nthaka, kuwala kwakukulu kumathamanga kuchokera pansi kupita kumwamba. Kung'anima kumene timati kwatsika kumakhala kukukwera.

Mu 1937 Schonland anakhala mkulu wa Bernard Price Institute pa yunivesite ya Witwatersrand, ndipo iye ndi anzake anayamba kujambula maonekedwe a mafunde a mphenzi za kutali usiku. Zimene anasindikiza mu 1940 n'zosavuta kuzimvetsa. Mphenzi ikagunda, funde loyamba limafika kwa womvera potsata nthaka, njira yachidule. Lachiwiri limakwera, n'kugunda dengalo, n'kutsika, motero limachedwa pang'ono. Lachitatu limagunda kawiri, lachinayi katatu, mpaka maulendo ambirimbiri. Munthu akayeza mipata ya nthawi pakati pa mafundewa amatha kuwerengera zinthu ziwiri nthawi imodzi: kutalika kwa komwe mphenzi yagwa, ndi kukwera kwa denga, komwe usiku kumakhala pakati pa makilomita 80 ndi 90. Nkhondo yachiwiri inasokoneza ntchitoyi, pakuti gulu lomwelo linatembenukira kukupanga rada, koma njira inali itatseguka.

Anthu a ku Chongwe anakumana ndi gawo la D osalidziwa dzina. Wailesi ya boma inayamba ku Lusaka mu 1941 kuti izifalitsa nkhani za nkhondo. Nkhondo itatha, Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anayendayenda kufunafuna kampani yopanga wailesi yotsika mtengo, mpaka a Ever Ready anavomera. Mu 1949 kunatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special, yogulitsidwa mapaundi asanu, batire lake pambali. Siteshoni ya Central African Broadcasting Station inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi ndi zilankhulo zina, ndipo mawu a muulutsi Alick Nkhata ankamveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Ankafika bwanji kutali konseko? Podumpha pa ionosphere.

Aliyense amene anakulira pafupi ndi wailesi ya batire akukumbukira zinthu ziwiri. Choyamba, dzuwa likalowa masiteshoni a kutali ankayamba kumveka bwino, ena omwe masana kunalibe ndi fungo lawo lomwe. Chifukwa chake ndi gawo la D. Masana kuwala kwina kwa dzuwa, kosaoneka ndi maso, kumathothola ma elekitironi ku mpweya wa nitric oxide, ndipo ma elekitironiwo, pogundana ndi mpweya wothithikana wa m'munsimo, amameza mphamvu ya mafunde a wailesi. Dzuwa likangolowa ambiri amabwerera m'malo mwawo, gawolo limatsala pang'ono kutheratu, ndipo mafunde amafika pa E ndi F osamezedwa. Chachiwiri, dzinja likayandikira wailesi inkathetheka, thee thee, ngakhale kumwamba kuli mbee. Anthu ankati batire latha kapena waya wamasuka. Kawirikawiri inali mphenzi ya ku Copperbelt, ya ku Katanga kapena ya kutsidya kwa Luangwa ikudzilengeza. Phokoso limene womvera ankalitukwana ndi lomwelo limene Schonland ankalitchera khutu.

Phokosoli lili ndi mitundu. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse Heinrich Barkhausen, pomvetsera mobisa matelefoni a adani, ankamva likhweru lotsika mawu, ndipo analemba za ilo mu 1919. Mu 1953 Owen Storey ku Cambridge anafotokoza kuti likhwerulo ndi funde la mphenzi limene laboola ionosphere, n'kutsata mizere ya maginito a dziko makilomita zikwizikwi kunja, n'kukatsikira kuchigawo china cha dziko. Akatswiri a ku Durban, amene akhala akumvera malikhweruwa kwa zaka zambiri kuphatikizapo pamalo a South Africa ku Antarctica, anasonyeza pamodzi ndi anzawo a ku Hungary kuti malikhweru omveka ku Tihany, ku Hungary komweko, amagwirizana ndi mphenzi za kugombe la kum'mawa kwa South Africa. Winfried Schumann naye anawerengera mu 1952 kuti mpata wonse wa pakati pa nthaka ndi ionosphere uyenera kumalira, ndipo mu 1960 zinatsimikizidwa kuti umalira pa 8 Hz kapena kuchepera pang'ono. Kulirako kumakula cha m'ma 4 koloko madzulo nthawi ya ku Zambia, pamene mitambo ya pakati pa Africa yakhwima, ndipo makina a ku Europe ndi ku America amakuona.

Koma kwa wofuna kuyeza gawo la D, phokoso lofunika kwambiri ndi limene Burton ndi Boardman analitcha tweek mu 1933. Limamveka usiku: kuthetheka kokhala ndi kamchira kolira kuti twii. Funde la mphenzi likayenda makilomita zikwi zingapo likugunda nthaka ndi denga mosinthana, mbali zake zotsika mawu zimatsalira m'mbuyo, ndipo pali malire amene funde silingatsike kupitirira pamenepo, kawirikawiri pafupi ndi maulendo 1,700 pa sekondi. Malirewo amadalira kukwera kwa denga. Masamu ake mwana wa sekondale angawathe. Liwiro la kuwala ndi makilomita 300,000 pa sekondi. Ligaweni ndi 1,700 wochulukitsa kawiri, ndiye kuti 3,400. Yankho ndi makilomita 88. Malire akakwera kufika 1,900, denga latsika kufika pa 79. Ndimaona kuti m'sayansi yonse ya zakumwamba mulibe muyeso wina waukulu chonchi wopezeka motchipa chonchi.

Zambia italandira ufulu mu 1964, Chongwe inayamba kusintha msanga. Bwalo la ndege lalikulu la dziko, lotsegulidwa mu 1967 ndi kupatsidwa dzina la Kenneth Kaunda mu 2011, lili m'boma lomweli. Oyendetsa ndege zodutsa pakati pa Africa ndi panyanja akhala akudalira wailesi ya mafunde aafupi kumene milongoti ya pansi siifika, ndipo dzuwa likaphulika n'kutumiza kuwala kwa X-ray, gawo la D limakhuthala ndi kutsika makilomita angapo m'mphindi zochepa, mawu a pawailesi n'kuzimiririka mbali yonse ya dziko imene kuli masana. M'zaka za m'ma 1970 kunabweranso njira ya Omega yolondolera ndege ndi sitima, ya milongoti isanu ndi itatu padziko lonse youlutsa pakati pa 10 ndi 14 kHz. Iwiri inali mbali ino, ku Liberia ndi pachilumba cha Réunion. Inathimitsidwa pa 30 Seputembala 1997, GPS italanda malo.

Kuthimitsidwa kumeneko kunasiya mpata. Akatswiri amayezanso gawo la D pomvera milongoti ikuluikulu ya asilikali a pamadzi, monga wa ku Cutler ku America kapena wa ku Exmouth ku Australia, koma milongoti yotere ndi yowerengeka, ndipo imangouza za njira imodzi ya pakati pa iyo ndi womvera. Mphenzi zimachokera mbali zonse. Mu 1998 Steven Cummer, Umran Inan ndi Timothy Bell a ku Stanford anasonyeza kuti munthu akadziwa malo ndi nthawi imene mphenzi yagunda, n'kuyerekeza funde limene walandira ndi limene kompyuta yawerengera, amatha kudziwa kuchuluka kwa ma elekitironi panjira yonse imene fundelo ladutsa. Ndi nzeru ya Schonland yomwe ija, itapeza makina oiyenera.

Pa 21 Juni 2001 kadamsana wathunthu anadutsa pa Lusaka ndi Chongwe masana, kunada kwa mphindi zitatu, ndipo alendo ochokera m'maiko ambiri anadzaza minda ndi bwalo la ndege. Maso onse anali padzuwa. Pamwamba pa mitu yawo, pamtunda wa makilomita 70, kunkachitika chinthu chimene chimachitika pa kadamsana aliyense: gawo la D linayamba kupyapyala ndi kukwera ngati kwada, kenako n'kubwerera mwakale kuwala kutabwerera.

Zinadziwikanso kuti mphenzi siingoyeza dengalo ayi, imalisinthanso. C.T.R. Wilson ananeneratu m'ma 1920 kuti pamwamba pa mitambo payenera kumang'anima. Chithunzi choyamba chinajambulidwa mwangozi ndi gulu la John Winckler ku Minnesota mu Julayi 1989: kuwala kofiira, kotchedwa sprite, kofika makilomita 80 kapena 90. Ku South Africa akatswiri a bungwe la zamumlengalenga la SANSA anajambula koyamba kuwala kotere ku Sutherland mu Januwale 2016. Bungwe lomweli, lomwe malo ake a ku Hermanus akhala akuyeza maginito a dziko kuyambira 1941, linatsegula mu 2022 likulu loyang'anira nyengo ya mumlengalenga usana ndi usiku, lothandiza makamaka maulendo a ndege.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Makina a NASA amene anazungulira dziko kuyambira 1995 anapeza kuti padziko lonse pamang'anima mphenzi pafupifupi 45 pa sekondi iliyonse, ndipo chigwa cha Congo, kumpoto kwa Zambia, ndicho dera lalikulu lochulukitsitsa mphenzi. Nyanja ya Maracaibo ku Venezuela ndiyo ili patsogolo pa malo amodziamodzi, ndi mphenzi 233 pa sikweya kilomita pachaka, koma Kabare kum'mawa kwa Congo ikutsatira ndi 205, ndipo malo ambiri a pamndandanda umenewo ali mu Africa. Komabe makutu ambiri omvera ali kwina. Gulu la World Wide Lightning Location Network, limene anayambitsa Richard Dowden wa ku New Zealand ndi Robert Holzworth wa ku Seattle kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, lili ndi masiteshoni opitirira 70, ndipo limafuna kuti asanu amve mphenzi imodzi kuti lidziwe pomwe yagwa; a mu Africa ndi ochepa. South Africa inadzimangira gulu lakelake la makina ozindikira mphenzi cha m'ma 2005, ndipo maiko ambiri oyandikana nayo sanafikepo.

Kusowa kwa makutu kumeneku si nkhani ya akatswiri okha. Makina omwe amayeza gawo la D ndi a mtundu womwewo ndi amene amachenjeza kuti mvula ya mphenzi ikuyandikira. Pa 28 Juni 2011 mphenzi inapha ana 18 pasukulu ya pulayimale ya Runyanya ku Uganda. Pamsonkhano wa akatswiri a mphenzi umene unachitikira ku Lusaka mu 2015, nthumwi zinagwirizana kuti tsikulo lizikumbukiridwa chaka ndi chaka ngati tsiku la chitetezo ku mphenzi padziko lonse. Amene amafa kuno ndi alimi m'munda, abusa a ng'ombe, asodzi, ana a sukulu ndi anthu ogona m'nyumba zaudzu kapena zamalata zopanda waya wotsitsira mphenzi pansi.

Mu Disembala 2022 bungwe la ku Europe loona za nyengo linakweza setilaiti yatsopano ya Meteosat yokhala ndi kamera yoona kung'anima kwa mphenzi pa Africa yense, usana ndi usiku. Malo ndi nthawi ya mphenzi, zimene njira ya Cummer imafuna, tsopano zikupezeka mosavuta kuposa kale. Chotsala ndi khutu la pansi, ndipo silofuna chuma chambiri: waya wokulungidwa kapena kamlongoti ka mamita awiri, kachipangizo kokuzira mawu, wotchi ya GPS ndi kompyuta wamba. Boma la Chongwe lili ndi yunivesite ya Chalimbana, lili ndi malo ofufuzira a National Institute for Scientific and Industrial Research kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo University of Zambia ili pamsewu womwewo wa ku Chipata. Mdani wamkulu wa makina otere ndi kung'ung'udza kwa mawaya a magetsi, a 50 Hz, kumene kumaphimba ma tweek ngati khutulo laikidwa pafupi ndi thiransifoma. Lusaka ikukulira kum'mawa chaka ndi chaka, minda ya m'mbali mwa msewu ikudulidwa mapuloti, ndipo puloti iliyonse imabwera ndi waya wake. Wofuna kumvera mphenzi bwinobwino ku Chongwe lero ayenera kusiya tala, n'kulowera kumidzi ya kumapiri a kummwera kapena cha ku Rufunsa, atanyamula batire ndi sola.